Mwalimu Silasi ndi Madengu Ake a Mawu

Anthu amene anaphunzira kwa mng'ono wanga Silasi akakumana nane amandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kuyamba kumutamanda. Amati kugombe lonse lino, kuchokera ku Lunho mpaka ku Nkholongue, sikunakhalepo mwalimu wina wotsegula ana makutu ngati iye. Ine ndimangogwedeza mutu. Iwo ankamudziwa kuyambira belu la m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Ine ndinamubereka kumsana ali khanda, ndipo atakula ndinakhala nkhoswe ya ukwati wake. Ukwati umenewo unandimeretsa imvi nthawi isanakwane, ndipo ndi umene ndikufuna kusimba.

Ndine Bartolomeyo, msodzi. Kulemba ndinaphunzira mochedwa, kwa Silasi yemweyo, choncho mukaona zokhota musadabwe. Mng'ono wangayo anabadwa masiku amene azungu a Kampani yolamulira dziko lino ankayamba kumene kuoneka kugombe kuno, ndipo anabadwa wosakhazikika. Amayi ankati amayendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Mukamukhazika pamphasa kuti adye, mupeza mbale ili yokha, mwini wake ali kuseri kwa nyumba ya eni kumvetsera akuluakulu akukangana. Atate anayesa kumulowetsa m'bwato kuti akhale msodzi ngati ife tonse. Tsiku loyamba lomwelo, mafunde atayamba kukula, atate anati, "Tiyeni kumtunda, nyanja yakwiya." Silasi anasiya nkhafi n'kuimirira kuti afunse bwino: "Yakwiyira ndani? Kodi nyanja ili ndi mtima?" Bwato linapendama, madzi analowa, utaka wonse umene tinagwira unabwerera kwawo. Sabata yomweyo atate anamupereka kusukulu ya mishoni, akuti akavutitseko ena.

Kusukuluko mafunso ake anapeza msika. Anamutumiza ku Likoma kukaphunzira uphunzitsi, ndipo anabwerako nkhondo ya Ajeremani itangotha, atavala jekete la khaki lokhala ndi thumba lalikulu m'kati. M'thumbamo munkakhala kope ndi pensulo yomangirira kuchingwe. Anamupatsa kasukulu ka bango m'mudzi mwathu momwemo, masileti anayi, ndi khasu lakutha loti aziliza m'malo mwa belu. Kuwerenga, masamu ndi katekisimu ankaphunzitsa monga aphunzitsi ena onse. Chimene chinamutchukitsa chinali phunziro lake la Lachisanu, limene palibe anamutuma.

Lachisanu lililonse ankatulutsa ana panja, n'kundandalika pamchenga madengu akale a amayi. Mwana aliyense ankabwera ndi chigoba cha nkhono ndiponso mawu amene wamva kwawo sabata imeneyo. Ankanena mawuwo mokweza, anzake n'kukangana kuti chigobacho chiponyedwe m'dengu liti. Silasi ankati asodzi sayanika usipa ndi kampango pathandala limodzi, ndiye mawunso asasakanizidwe. Wina akati, "Amalume ndi oterera ngati mlamba," chigoba chinkapita m'dengu la zifanifani, chifukwa muli kamawu kakuti ngati, kamene kamagwira zinthu ziwiri pamodzi. Wina akati, "Amalume ndi mlamba," Silasi ankalumpha ndi chimwemwe, n'kuwaonetsa kuti kamawu kaja kachoka ndipo munthu wapatsidwa dzina la nsombayo. Zoterezo zinali ndi dengu lakelake, la mafanizo. Panalinso dengu la zining'a, mmene munkagwera kutsina khutu, kulemba m'madzi ndi kuona msana wa njira. Ankawachenjeza kuti chining'a sachiduladula: ukayamba kufunsa kuti khutulo latsinidwa ndi chala chiti, watsala ndi minga, nsomba yapita. Dengu la miyambi linali lalikulu kuposa onse. Kadengu kena kothyoka m'mphepete kanali ka zinthu zopatsidwa mtima wa munthu, ndipo nyanja ija yokwiya inapeza malo mmenemo. Mvekero wokha ndi umene unalibe dengu. Mwana akabwera nawo, ankathamanga kukaponya chigoba chake m'nyanja kuti onse amve chikuti chubwi.

Sindinganame, phunzirolo linkagwira ntchito. Apadre atabwera pa sitima kudzayendera sukulu, anawerengera ana fanizo la wofesa mbewu, n'kufunsa ngati alipo wamva. Kusukulu zina ana ankangobwereza zoloweza. Kwathu kamtsikana kena kanaimirira n'kunena kuti mbewuzo si mbewu ayi, ndipo kanatchula ndi dengu lake lomwe. Apadre anavula magalasi n'kuwavalanso. Makolo amene ankabisa ana m'minda ya chinangwa belu likalira anayamba kuwaperekeza okha.

Tsiku lina amayi anandituma kukalanda madenguwo, chifukwa chinangwa chinali chitafewa m'madzi ndipo analibe povuulira. Ndinafika nditapsa kale mtima.

"Iwe Silasi, ndakuuza kachikwi kuti madengu awa ali ndi ntchito!"

Sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira ana aja, maso akuwala. "Mwamva? Achimwene anena kuti kachikwi. Anandiuzadi kachikwi?"

"Iyayi, Mwalimu!"

"Nanga chigoba chipite kuti?"

"Kukokomeza! Dengu la asodzi!"

Limenelo linali dengu la mawu okuza zinthu mopitirira, ndipo analitcha la asodzi chifukwa cha ife, amene kampango wathu wopulumuka amakhala wotalika kuposa bwato. Ana anaseka mpaka kugubuduka pamchenga. Ine ndinabwerera wopanda madengu, ndipo ndivomere kuti panjira ndinasekanso. Ndikanadziwa sindikanaseka, chifukwa matenda ake anali omwewo: munthu akamuyankhula, iye ankamva kukoma kwa mawu, osati chimene munthuyo akumuuza.

Anakwatira Lea, mtsikana wa kufupi ndi Lunho, wodekha, wodziwa kuwerenga, wakhama pamunda. Mwini mbumba kwawoko anali amalume ake, a Basilio, mmisiri wosema mabwato, munthu wosachulutsa mawu. Mwa mwambo Silasi akanayenera kukakhala chikamwini kwa mkazi wake, koma popeza sukulu sinyamulika, ndinakawapempha a Basilio kuti Lea abwere kwathu. Anavomera, koma pondiperekeza anandiuza kuti, "Takubwerekani, sitinakupatseni." Mawu amenewo ndinawasunga mumtima ine, mwini wake nditamuuza anangowalemba m'kope. Kunabadwa Rakele, ndipo patapita zaka zinayi kunabadwa Yuniya.

Masiku amenewo anthu anali atayamba kuwoloka. Msonkho ndi chibalo zinkalemera, ndipo mabanja athunthu ankakwera zombo kupita tsidya la Angerezi. Ukadzuka m'mawa umva kuti nyumba zitatu za kumtunda zatsala ndi agalu okha. Enafe tinkadandaula za minda ndi abale. Silasi ankadandaula za mawu. "Achimwene," ankatero, "nkhalamba iliyonse yokwera chombo ili kupita ndi dengu lodzaza, ndipo palibe analemba." Anatsimikiza mtima kulemba buku la ana a masukulu onse a kugombe, loti akalisindikize ku Likoma. Kuyambira pamenepo Loweruka silinkamupeza pakhomo. Ankapita kumaliro a anthu osawadziwa, kumilandu ya eni, kokoka makoka, ngakhale kukaima kunja kwa mzikiti wa ku Nkholongue kudikira kuti akuluakulu atuluke. Kumeneko ndi kumene anapalana ubwenzi ndi a Mfaume, mwini chombo cha thanga, amene ankamuseka koma n'kumamupatsa miyambi ya amalonda.

Lea ankalima yekha, kutunga yekha, kulera yekha. Denga la nyumba yawo linkadontha malo atatu, ndipo udzu wofolera umene ndinawamwetera ine unaolera pansi. Ndinamuyankhula mng'ono wanga kangapo, ndikuti kangapo, osati kachikwi. Ankavomera msangamsanga, phazi limodzi lili kale panja.

Chaka chimene Yuniya anabadwa, pa tchuthi cha Khirisimasi, Silasi anamva kuti ku Maniamba, kumapiri, kuli mkulu wina wodziwa ndagi zakale. Anatsanzika kuti akakhala masiku atatu. Anakhala masabata atatu. Mvula inagwa yosalekeza, khanda linagwidwa chifuwa, ndipo Lea ankasuntha mphasa kuchoka pangodya iyi kupita pangodya iyo kuthawa madontho. Tsiku lina kutacha anabereka Yuniya, anagwira Rakele padzanja, anamanga chitseko ndi luzi, n'kuyenda wapansi mpaka kwawo. Silasi anabwera kope litadzaza, n'kupeza luzi lija.

Apa ndi pamene ndimapsa mtima mpaka lero. Kuchokera kwathu kukafika kwa a Basilio ndi ulendo wa theka la tsiku. Munthu amene ankakwera mapiri kufuna ndagi analephera kuyenda kaulendo kameneko miyezi isanu ndi iwiri. Manyazi anamumanga miyendo. M'malo mwake ankalemba makalata odzaza ndi zifanifani: Lea ngati mwezi, Lea ngati madzi a pachitsime. Wokapereka makalatawo ndinali ine, ndipo yankho silinkabwera. Ndinapitako kawiri monga nkhoswe, a Basilio n'kungondifunsa kuti mwini mlandu ali kuti.

Nyengo ya mwera ili pakati, a Mfaume anatulukira pagombe pathu, ine ndikusoka ukonde. Sanakhale n'komwe pansi.

"Bwana Bartolomeyo, ndabwera kukutsinani khutu. A Basilio andipempha malo m'chombo, iwo ndi mbumba yawo yonse. Tipita ku Nkhotakota mwera ukangogona. Mlamu wanu ndi ana ali m'gulu lomwelo."

"Simungawakanize?"

"Ine ndine wonyamula, sindine woweruza. Wallahi, Mwalimu ndimamukonda, n'chifukwa chake ndayenda wapansi ulendo wonsewu. Muli ndi masiku a mphepo okhawa basi."

Anthu owoloka masiku amenewo sankabwerera. Ndinataya ukonde pomwepo n'kukamutulutsa Silasi m'kalasi pakati pa masamu. M'mawa mwake tinanyamuka, ine nditanyamula tambala wopepesera, iye mtolo wa usipa wouma. Njira yonse ndinkamulangiza ngati mwana wa kuchinamwali.

"Tamvera. Pamlandu wa ukwati oyankhula ndi ankhoswe. Iwe ukakhale pansi, miyendo pamodzi, maso pa zala zako. Akaponya mwambi, umenewo ndi mwala wolunjika iwe, koma woubweza ndine. Mwambi pabwalo saumasulira, saufunsa kumene wachokera. Wouponya akudziwa kale kuti wamva. Akamaliza, uombe m'manja, unene kuti ndamva, basi."

"Ndamva, achimwene."

"Kope lija wasiya?"

"Ndasiya."

Ndinamukhulupirira. Sindinafune kupisa m'thumba la munthu wamkulu, mphunzitsi wa ana a eni.

A Basilio tinawapeza pansi pa mkuyu, akumalizitsa bwato la munthu wina kuti asawoloke atasiya ntchito ya eni pakati. Anatilandira osasiya nsompho yawo yosemera. Amuna ena atatu a m'banjamo anakhala pazipika, ndipo kuseri kwa mpanda wa bango tinkamva amayi akutsokomola ndi khanda likulira. Silasi anatembenuza mutu, ine n'kumuponda chala.

Nditapereka moni ndi kunena chimene tadzera, a Basilio anasema kanthawi, kenako anati, "Ankhoswe anzanga, mapanga awiri avumbwitsa. Mwana wathu wavumbwa, koma wa mapanga awiriwo sanali iye."

"Zoona," ndinatero. "Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Ine ndabwera m'mimba mukupota."

Mmodzi wa amuna aja anaseka pang'ono, ndipo ndinaona kuti chiyembekezo chilipo.

"Masemana atatu," a Basilio anapitiriza, kunena masabata aja a ku Maniamba. "Mvula ili kugwa m'nyumba, mwana ali kutsokomola. Amati mlendo ndi mame. Kodi ife tinakwatitsa mwana wathu kwa mame?"

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, a Basilio. Menyani, tili pano. Koma ana awiri aja atate wawo ndi mmodzi, ndipo ndi uyu wakhala apayu."

Tinapitiriza chotero mpaka mthunzi wa mkuyu unasuntha. Mlandu unkayenda bwino. Mng'ono wanga anasunga malangizo anga, maso ali pa zala zake. Potsiriza a Basilio anaika nsompho pansi, n'kuitana akazi awo kuti adzatenge tambala. Kwathu kuno nkhuku ikalandiridwa mlandu watha. Chotsala ndi mawu ochepa olangiza wolakwayo. Mayiwo anali atagwira kale miyendo ya tambalayo pamene a Basilio anatembenukira Silasi, n'kumuyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Mwalimu, wosakapa bwato satukwana nyanja."

Mawu amenewo ine ndinali ndisanawamvepo, ndipo ndikhulupirira kuti anawasema okha pomwepo. Silasi ankangofunika kuomba m'manja. Ndinaona nkhope yake ikuwala monga inkawalira Lachisanu. Dzanja lake linalowa m'jekete.

"Pepani amalume, tabwerezani pang'onopang'ono." Kope linali kale pabondo, pensulo akuinyambita. "Umenewu ndi watsopano. Munaumva kwa ndani? Taonani kukoma kwake: bwato ndilo banja, madzi olowawo ndiwo mavuto a tsiku ndi tsiku, ndiye nyanja..."

Ndinamugwira mkono, koma madzi akatayika saoleka. A Basilio anayang'ana kope, anayang'ana ine, n'kutolanso nsompho yawo.

"Ine ndimayesa ndili kulangiza mkamwini, kani ndili kuyankhula ndi mlembi wa kuboma. Amayi, abwezereni nkhuku yawo. A Bartolomeyo, mwavutika, koma munthu uyu sanabwere kudzatenga mkazi. Wabwera ndi lapi yake yolemberayo kudzatenga mawu, ndipo wawatenga."

Kuseri kwa mpanda Lea anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. Pa moyo wanga wonse sindinachitepo manyazi otero. Pobwerera ndinayenda patsogolo ndi tambala wanga, ndipo Silasi akati ayankhule ndinkafulumiza miyendo. Ndinkaopa kuti ndikatembenuka ndimumenya.

Mwera unaombabe masiku atatu. Asodzi tonse timautukwana mwera, koma mng'ono wanga ankaupempherera kuti usaleke. Sankadya, sankakhala pansi. Ankapatsa ana masamu n'kuthamangira kugombe kukaona ngati mafunde akadali ndi thovu, kubwerera, kufufuta zimene ana sanamalize kulemba, kuthamangiranso. Lachisanu linafika, madengu sanatuluke. Anayamba kalata ina, n'kuing'amba yekha. Tsiku lachiwiri ndinabwerera ndekha kwa a Basilio, n'kukagwada pamatabwa awo osemasema aja. Ndikuganiza kuti anandimvera chisoni. Anati mlandu wa ankhoswe unatha ndipo iwo sabweza mawu awo, koma Lea si mbuzi yoti aikokere m'chombo ndi chingwe. Ngati mwamuna wake ali ndi mawu, akawanene kwa mwini wake pagombe tsiku lonyamuka.

Tsiku lachinayi kunacha nyanja ili bata, yosalala. Tinakankha bwato langa dzuwa likungotuluka. Silasi, amene sanagwirenso nkhafi kuyambira ali mwana, anapalasa mpaka manja anatuluka matuza n'kuphulika, ndipo sanafunse funso ngakhale limodzi.

Tinapeza chombo cha a Mfaume chitaima patali pang'ono ndi mtunda, anthu akuyenda m'madzi ofika m'chiuno atasenza mitondo, mphasa, miphika ndi mitolo ya mbewu ya chinangwa. Lea anali akadali pamchenga, Yuniya ali kumsana. Rakele ataona atate ake sanathamange. Anagwada n'kupereka moni monga amachitira kwa alendo, ndipo a Basilio anamunyamula paphewa kupita naye kuchombo.

Silasi anaima pamaso pa mkazi wake, manja akuchucha magazi pang'ono. Ndinadikira chifanifani, koma sichinabwere.

"Amake Rakele, ndinalakwa. Musapite."

"Amenewo ndawamva," anatero Lea. "Makalata aja sindinkawamva."

Anamasula nsalu n'kubweretsa khanda kutsogolo. Sanakweze mawu.

"Mwana wanu uyu, atate ake a Rakele. Ali ndi mano angati?"

Silasi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nyanja, chifukwa unkhoswe uli ndi malire ake.

"Awiri," anatero.

Lea anatsegula kakamwa ka mwanayo ndi chala. Anali asanu ndi limodzi, oyera mbee, ndipo mwanayo ataona nkhope yachilendo itamuyandikira analira. Lea anamubwezera kumsana, anamanga nsalu, n'kulowa m'madzi.

A Mfaume anafuula ali m'chombo. "Mwalimu, malo alipo! Kwerani. Tsidya lija kulinso ana osadziwa kuwerenga."

Ndikuuzeni chimene ndinaona ndi maso anga: Lea anaima. Madzi ali m'mawondo, atatifulatira, anaima n'kudikira. A Basilio, amene anali atakwera kale, anayang'ana kumbali ngati sakuona. Palibe anamuletsa mng'ono wanga, ndipo aliyense pagombepo anadziwa zimenezo.

Silasi analowa m'madzi mpaka m'akakolo, n'kubwerera. Analowanso mpaka m'mawondo, anaima, anayang'ana kumene tinachokera.

"Ana asukulu ndawasiya osawauza," anatero, osadziwika ngati akuuza ine kapena mkazi wake. "Apadre sindinawatsanzike. Buku lija latsala pang'ono. Ndibwera ulendo wotsatira, a Mfaume, mundisungire malo."

"Kwera, chitsiru iwe!" ndinakuwa pamaso pa anthu onse. "Za sukulu ndikanena ine!"

Sanasunthe. Lea anadikirabe pang'ono, kenako anapitiriza kuyenda, ndipo anthu anamukoka kukwera m'chombo. Thanga linakwezedwa. Ulendo wotsatirawo Silasi ankaunena chaka ndi chaka, ndipo anaphunzitsa m'kasukulu komwe kaja zaka makumi atatu osauyenda. Sanakwatirenso. Buku silinasindikizidwe. Ana ake anakulira ku Nkhotakota m'manja mwa a Basilio, ndipo iye anamwalira asanawaonenso.

Tsiku lija tinakhala pamchenga mpaka thanga linasowa m'maso. Pobwerera ndinapalasa ndekha, chifukwa manja ake sakanathanso kugwira nkhafi. Mkwiyo unali utandithera, kutsala chisoni chokhachokha. Tili pakati pa ulendo anayankhula, maso ali m'madzi.

"Achimwene, anali asanu ndi limodzi?"

"Asanu ndi limodzi."

"Anayamba kumera liti? Analira kwambiri?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, odziwa anali m'chombo muja. Anagwedeza mutu, ndipo ndinapalasabe mpaka kwathu.